Galimoto Yanu ku Garaja: Ufulu Wofunsa ndi Ufulu Wokana

Masiku ano si zachilendo kupeza eni magalimoto pakati pathu. Wina anaitanitsa ka Sienta kuchokera ku Japan, kanatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndipo kagalimoto kameneko ndiko kakudyetsa banja ndi kulipira fizi ya ana. Ena ali m'makomiti oyang'anira galimoto ya sukulu, ya chipatala chaching'ono kapena ya gulu la alimi. Onsewa tsiku lina amapezeka ataima pa kauntala ya garaja, akumvetsera munthu wovala yunifolomu akuwauza kuti giyabokosi yatha, ifunika ina. Mtengo wake ukatchulidwa, mutu umaima.

Ambiri a ife pamenepa timangoti "chabwino bwana", kudandaula timakayambira kunyumba. Mantha amakula kweni-kweni tikapita kwa dila, ndiye kuti kampani imene imagulitsa magalimoto a mtundu umenewo ndipo ili ndi garaja yake-yake. Timati eni ake anena, ine ndine yani? Koma mau a garaja, ngakhale ikhale yaikulu chotani, ndi maganizo a munthu, ndipo munthu amakhoza, amalakwanso. Inu amene mutulutse ndalama muli ndi ufulu wofunsa umboni, wokana ntchito imene simunailamule, ndi wodandaula ngati ntchito sinagwiridwe bwino. Chimene chimakupatsani mphamvu pa mkangano wotere ndi mapepala amene munasunga.

Kodi kompyuta imanena chiyani?

Magalimoto ambiri amene akuyenda m'misewu yathu lero ali ndi kompyuta yaing'ono yoyang'anira injini. Pansi pa chiwongolero pali kabowo ka mano 16 pamene makaniko amalumikizapo makina ake owerengera. Dongosololi limatchedwa OBD-II. Ku America analikhazikitsa ngati lamulo pa magalimoto atsopano kuyambira mu 1996, ndipo maiko ena anatsatira pambuyo pake. Kompyutayo ikaona chachilendo imayatsa kanyali kachikasu kokhala ndi chithunzi cha injini, n'kusunga nambala ya vutolo.

Nambala imeneyi ili ngati kutentha kwa thupi. Kumatiuza kuti munthu wadwala, koma ngati ndi malungo kapena chibayo, mpaka dokotala ayeze. Titenge nambala P0171. Tanthauzo lake ndi lakuti mu injini mukulowa mpweya wochuluka poyerekeza ndi petulo. Chingachititse zimenezi ndi paipi ya labala imene yang'ambika, kapena kachipangizo koyeza mpweya kamene kada ndi fumbi, kapena sefa ya petulo yotsekeka, kapenanso pampu ya petulo yofooka. Paipi ya labala ndi ya ndalama zochepa, pampu ndi ya ndalama zambiri, koma nambala ndi yomweyo. Chimodzi-modzinso P0300, imene imati injini ikudumphitsa moto: vuto likhoza kukhala mapulagi, makoyilo, kapena petulo woipa wogula m'zigubu m'mbali mwa msewu.

Choncho wina akakuuzani kuti "kompyuta yanena kuti musinthe pampu", dziwani kuti kompyuta sinanene zimenezo. Yatchula nambala, ndipo munthu ndiye wamasulira. Mphunzitsi wa samu salandira yankho lokha, amafuna mwana aonetse njira imene wapezera yankholo. Inunso funsani: nambala yake ndi iti, ndipo mutaiwerenga munayeza chiyani kuti mutsimikize? Pemphani kuti akulembereni nambalayo kapena akusindikizireni papepala.

Garaja yaikulu ingalakwe bwanji?

Tinene chilungamo: kwa dila kuli ubwino wake. Amakaniko ake amaphunzitsidwa za mtundu umodzi wa galimoto, ali ndi mabuku ndi zida zochokera ku fakitale, ndipo masipeya awo kawiri-kawiri ndi eni-eni. Koma munthu amene amalankhula nanu pa kauntala nthawi zambiri si amene wagwira sipanala. Mau anu amadutsa mwa iye kupita kwa makaniko, a makaniko nawo amadutsa mwa iye kubwera kwa inu, ndipo panjira zina zimatayika. Chinanso, magaraja aakulu amakonda kusintha chiwalo chonse m'malo mochimasula ndi kukonza kanthu kamene kafa m'kati mwake, chifukwa kutero n'kofulumira ndipo kuli ndi phindu.

Nthawi zina vuto limakhala m'kalipiridwe ka antchito. Chitsanzo chodziwika chinachitika ku California, m'dziko la America. Kampani ya Sears, imene inali ndi magaraja ambiri m'dzikolo, mu 1990 inasintha malipiro kuti antchito azilandira molingana ndi kuchuluka kwa masipeya ndi ntchito zimene agulitsa. Madandaulo atachuluka, nthambi ya boma la California yoteteza ogula inatumiza magalimoto ake mwachinsinsi, magalimoto amene akatswiri anali atawayeza kale ndipo ankadziwa vuto lake leni-leni. Pa maulendo 38, maulendo 34 anauzidwa kuti asinthe zinthu zimene zinali zabwino-bwino. Nkhaniyi inaululika mu June 1992. Mkulu wa kampaniyo, a Edward Brennan, analengeza kuti malipiro a mtundu umenewo kwa olandira makasitomala awathetsa, ndipo chaka chomwecho Sears inavomera kulipira madola 8 miliyoni kuti mlandu wa ku California uthe. Sikuti antchito onse aja anali mbava. Munthu ukamuuza kuti chakudya cha ana ake chidalira mabuleki angati amene wagulitsa lero, maso ake amayamba kuona mabuleki akutha paliponse.

Musanasiye kiyi

Mkangano wambiri umaluzidwa tsiku loyamba, pamene mwini galimoto asiya kiyi n'kunena kuti "muione, mukonze chilichonse". Mau amenewo ndi chilolezo chopanda malire. Garaja yolongosoka imatsegula jobu khadi, pepala limene amalembapo nambala ya galimoto, makilomita amene yayenda, ndi vuto limene mwabwera nalo. Werengani musanasaine, ndipo tengani kope lanu.

Pofotokoza, nenani zimene mukuona ndi kumva, osati matenda amene mukuganizira. Mukati "ndasowa mashoko atsopano" adzakuikirani mashoko, ndipo phokoso likapitirira mulibe pogwira, chifukwa achita zimene munalamula. Koma mukati "kutsogolo kumanzere kukumveka kugogoda ndikadutsa pa mabampu", udindo wopeza gwero la phokosolo uli pa iwo. Nenaninso zoona zonse. Ngati munayenda makilomita angapo injini itatentha, kapena munathira mafuta a m'zigubu, ululani. Amene amabisa matenda kwa sing'anga asadandaule ndi mankhwala.

Pa jobu khadi palembedwe mau awa: "Musayambe kukonza musanandiuze mtengo ndi kulandira chilolezo changa." Palembedwenso kuti masipeya onse akale amene achotsedwe mudzawafuna. Funsani mtengo wa kuyeza kokha, pakuti kuyeza ndi ntchito ndipo n'koyenera kuilipira ngakhale mutasankha kukakonzetsa kwina. Kenaka tengani foni yanu mujambule makilomita, muyezo wa petulo, batire, matayala onse pamodzi ndi lapadera, jeke, ndi thupi la galimoto mbali zonse. Ena amaika kadontho ka penti pa sefa ya oyilo kuti adzadziwe ngati yasinthidwadi. Zimenezi musachite nazo manyazi. Garaja yachilungamo imakondwera nazo chifukwa zimaitetezanso kwa makasitomala onama, amene aliponso ndithu.

Akakuuzani kuti injini yatha

Apa ndiye pofunika kudekha. Musavomere pa foni ntchito ya ndalama zambiri. Pemphani kotesheni yolembedwa, yosiyanitsa mtengo wa sipeya iliyonse ndi mtengo wa ntchito ya manja, ndi yonena ngati masipeyawo ndi atsopano a ku fakitale, atsopano a makampani ena, kapena ochotsa ku galimoto ina. Ndipo pitani mukaone ndi maso anu. Nenani mwaulemu kuti, "Bambo, ndikupempha ndilankhule ndi amene anayeza galimotoyi, andionetse chimene chafa."

Matenda ambiri a galimoto ali ndi muyeso wake umene ngakhale munthu wosaphunzira umakaniko angaumve. Batire yabwino, injini itazima kwa kanthawi, imaonetsa mavoti pafupi-fupi 12.6. Injini ikalira, muyeso uyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5, ngati sukukwera, vuto lili ku alitaneta kapena mawaya ake, ndipo batire yatsopano nayo idzangotha moto m'masiku ochepa. Mapadi a mabuleki akakhala atsopano amanenepa mamilimita 10 kapena 12, ndipo amasinthidwa akatsala pafupi-fupi 3. Afunseni kuti atsala angati, akuonetseni.

Kutentha kwa injini ndiko kumadyetsa anthu ndalama kwambiri. Galimoto ikayamba kuwira, ena amathamangira kunena kuti gasiketi yapsa, injini itsegulidwe. N'zotheka. Koma injini imatenthanso chifukwa cha chivindikiro cha rediyeta chimene chatha mphamvu, fani imene sikuzungulira, themositati yokanirira, pampu ya madzi, kapena paipi yodontha, ndipo zonsezi n'zotsika mtengo poyerekeza ndi kutsegula injini. Gasiketi ikapsa imasiya zizindikiro: utsi woyera wosalekeza, madzi kutha popanda pamene akudontha, thovu mu rediyeta, mwinanso oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Palinso miyeso yake. Amayeza mphamvu ya mpweya m'silinda iliyonse n'kulemba manambala, kapena amagwiritsa ntchito mankhwala a buluu amene amasanduka achikasu ngati utsi wa injini ya petulo ukulowa m'madzi. Ngati sanachite muyeso uliwonse mwa imeneyi, ndiye kuti akungoganizira, ndipo kuganizirako mulipire ndinu.

Pa giyabokosi, eni timagalimoto ta ku Japan achenjere. Tambiri ta ito, monga Honda Fit, Nissan Note ndi ma Sienta ambiri, tili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, imene imafuna oyilo wake-wake. Kuthiramo oyilo wa giyabokosi wamba kumaiononga. Ngati vuto linayamba galimoto itangochoka ku sevisi, funsani dzina la oyilo amene anathira, ndipo yang'anani pa invoisi.

Mukamva zonse, muli ndi ufulu wonena kuti mukaganize kaye. Lipirani za kuyeza, tengani zotsatira zolembedwa, mukafunse kwa makaniko wina wodziwika. Kumeneko musayambe ndi kumuuza zimene woyamba wanena, mulekeni apeze yekha, ndipo nayenso alembe. Awiriwo akasiyana, sindiye kuti wotchipayo ndiye wolondola. Funso ndi lakuti ndani waonetsa muyeso. Safunsa anadya phula.

Chenjezo limodzi kwa amene galimoto yawo idakali pa waranti, kutanthauza lonjezo lolembedwa la wogulitsa lakuti chikaonongeka chinthu m'nyengo yakuti-yakuti adzakonza ulere. Werengani kabuku kake bwino-bwino. Kawiri-kawiri kamanena kuti sevisi izichitika pa nthawi yake ndi kumalo ovomerezeka. Makaniko wachiwiri aone ndi kulemba maganizo ake, koma asamasule kanthu, kuopa kupatsa dila chifukwa chokanira. Ndipo dila akakana kukonza pa waranti ponena kuti mwaononga nokha, muuzeni alembe chifukwacho ndi kutchula ndime ya m'kabukumo imene akuimirapo.

Ntchito ikagwiridwa molakwika

Tsiku lotenga galimoto musafike dzuwa litapendeka, antchito akutseka zitseko. Yerekezani invoisi ndi kotesheni mzere ndi mzere. Landirani masipeya akale. Solola kachitsulo koyezera oyilo muone ngati wafika pa muyezo. Pa injini ya petulo oyilo watsopano amaoneka woyera ngati uchi, pamene wa dizilo amada msanga, choncho pa dizilo mtundu wokha si umboni. Yendani nayo pang'ono pamodzi ndi makaniko, pa msewu wonga umene vuto linkamvekera. Funsani kuti ntchitoyo akuitsimikizira kwa miyezi ingati kapena makilomita angati, ndipo yankho lilembedwe pa invoisi. Lisiti musaisiye, ngakhale atakuuzani kuti popanda lisiti mtengo utsika.

Vuto likabwerera, bwererani msanga. Mukakhala mwezi wathunthu adzati ndi vuto latsopano. Musapite kaye kwa makaniko wa pansi pa mtengo kuti "angogwirako pang'ono", pakuti dzanja lachitatu likalowapo aliyense amaloza mnzake. Yambani ndi amene anakulandirani. Akalephera, pemphani kuonana ndi woyang'anira garaja. Ndi bwino kupita awiri, mnzanuyo akhale mboni. Kutukwana ndi kumenya tebulo kumangowapatsa nkhani ina yokamba, vuto la galimoto n'kuiwalika.

Kulankhula kukakanika, lembani kalata. Ikhale yaifupi, ya masiku ndi manambala, yopanda mau onyoza. Mwachitsanzo:

"Kwa Oyang'anira Garaja. Pa tsiku lakuti ndinabweretsa galimoto yanga, nambala yakuti, itayenda makilomita akuti, chifukwa inkatentha. Munandiuza kuti vuto ndi pampu ya madzi ndipo ndinalipira ndalama zakuti, monga ikuonetsera lisiti nambala yakuti. Patangopita masiku atatu galimoto inayambanso kutentha. Ndinabwera pa tsiku lakuti koma sindinathandizidwe. Ndikupempha kuti muikonze popanda kundilipiritsanso, kapena mundibwezere ndalama zanga, pasanathe masiku 14. Ndikapanda kulandira yankho ndidzatengera nkhaniyi ku mabungwe oona za ufulu wa ogula. Ndaphatikiza makope a jobu khadi, kotesheni ndi lisiti."

Perekani makope okha, mapepala eni-eni akhale kwa inu. Amene walandira kalatayo asaine ndi kudinda pa kope lanu, alembenso tsiku. Ngati garajayo ndi nthambi chabe, tumizani kope lina ku likulu la kampaniyo. Mauthenga a pa WhatsApp amene munatumizirana nawo musafufute.

Malamulo akuti chiyani, ndipo mungapite kuti?

Mu 2003 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza ogula, la Consumer Protection Act. Mwa zina, lamuloli linalemba kuti wogula katundu kapena wolipira ntchito ali ndi ufulu wouzidwa zoona, momveka bwino ndi pa nthawi yake, ufulu wochitiridwa mwachilungamo, ndi ufulu wolandira chipukuta misozi ngati waonongeredwa. Kukonzetsa galimoto ndi kugula ntchito, choncho ufulu umenewu ndi wanunso.

Bungwe la boma limene limalandira madandaulo a ogula ndi Competition and Fair Trading Commission, mwachidule CFTC, limene likulu lake lili ku Lilongwe. Linakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 1998. Mu 2023 bwalo la High Court, pa mlandu wa bungweli ndi kampani ya Airtel Malawi, linagamula kuti lamulo lakalelo silinapatse bungweli mphamvu yolipiritsa chindapusa palokha. Aphungu anakonza lamulo latsopano limene linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2024, ndipo tsopano CFTC ikhoza kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama ndi kulipiritsa kampani yolakwa chindapusa chofika magawo 10 pa 100 alionse a ndalama zimene imapeza pachaka. Kunamiza kasitomala za ubwino wa katundu kapena ntchito ndi zina mwa zimene lamuloli limaletsa. Popita kumeneko tengani makope a mapepala onse aja, pamodzi ndi kalata yosonyeza kuti munayamba mwapatsa garaja mwayi wokonza cholakwa chake.

Palinso bungwe loima palokha la Consumers Association of Malawi, CAMA, limene linayamba mu 1994 ndipo ambiri amalidziwa chifukwa cha a John Kapito. Ilo si khoti, koma limalangiza ndi kulankhulira ogula. Zonse zikakanika, njira ya ku bwalo la majisitireti ndi yotsegula, ndipo amene sangathe kulipira loya akhoza kukafunsa ku Legal Aid Bureau ngati angathandizidwe. Ku khoti, kalata ya makaniko wachiwiri ndi masipeya akale aja ndi zimene zidzakulankhulireni. Apolisi sangaweruze ngati giyabokosi inalidi yakufa. Koma ngati mwapeza kuti batire yanu yatsopano yasinthidwa ndi yakale, kapena tayala lapadera lasowa, kumeneko ndi kuba, ndipo zithunzi zimene munajambula tsiku loyamba zipite nanu ku polisi.

Akakana kutulutsa galimoto

Pali chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa ambiri. Malinga ndi malamulo amene makhoti athu amatsata, wokonza chinthu ali ndi mphamvu yochisunga mpaka atalipidwa ntchito imene munagwirizana. Choncho musayese kukatenga galimoto mwamphamvu kapena mozemba ndi kiyi wapadera, mungasandutse mlandu wanu wabwino kukhala woipa. Mphamvu imeneyi ndi ya pa ntchito imene munailamula. Ngati anasintha zinthu osakufunsani, pamene pa jobu khadi munalemba kuti ayambe akufunsani, auzeni polemba kuti mwakonzeka kulipira gawo limene munavomereza ndipo gawo linalo mukulikana.

Koma kwa munthu amene galimoto ndiyo khasu lake, tsiku lililonse imene yagona ku garaja ndi tsiku lopanda ndiwo, ndipo magaraja ena amawerengeranso ndalama za malo oimikapo. Zikatero mukhoza kusankha kulipira kuti galimoto ituluke, mkangano n'kupitirira pambuyo. Musanapereke ndalamazo lembani pa invoisi, pa kope lawo ndi lanu lomwe, mau akuti: "Ndalipira kuti nditenge galimoto yanga, koma sindikugwirizana ndi mtengowu ndipo ndidzadandaula." Sainani, lembani tsiku, ndipo mboni yanu isainenso. Pa pepala lotulutsira galimoto pamakhala nthawi zina mzere wonena kuti kasitomala wakhutira ndi ntchito yonse. Ngati simunakhutire, dulani mzere umenewo ndi cholembera musanasaine.